Mjigo Wobiriwira wa Amayi a Tofazzal

Panali munthu wina kwathu kuno ku Chandpur, dzina lake Tofazzal Mridha, mphunzitsi wa pakoleji ina ya m'tauni. Nkhaniyi ndi yoona. Anabadwira m'mudzi wa Dhulkhola, koma atangoyamba kuvala nsapato anaiwala kupereka moni kwa ife amene tinkam'mina mamina.

Kuti akwezedwe pantchito ankafunika kutulutsa kafukufuku m'magazini ya akatswiri. Anasankha kuyeza madzi a m'mijigo ya kwawo. Paja madzi athu ena ali ndi chiphe cha aseniki, chosanunkha, chosawawa, ndipo mjigo woipa amaupaka utoto wofiira, wabwino wobiriwira. Ku Dhulkhola utoto unasuluka kalekale, moti azimayi poopa ankayenda mtunda kukatunga pamjigo wakuya wa kusukulu.

Inali nyengo ya mvula, njira zili matope okhaokha. Tofazzal sanapite. Anadzaza mabotolo pampopi wa pakoleji, n'kulemba pa botolo lililonse dzina la khomo la kumudzi. Madzi onse anatuluka abwino.

Mnzake wa pantchito, a Nirmalendu, anamulangiza kuti atumize kumagazini yeniyeni, imene aliyense amawerenga ulere pa intaneti koma akatswiri amayamba aunika n'kufunsa mafunso. Mafunsowo ndi amene Tofazzal ankawaopa. Sabata yomweyo munthu wina anamuimbira foni, nati ndi Pulofesa Kibria, mkonzi wa magazini ina ya ku Dhaka, ndipo iwo sachedwetsa munthu. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera pansi pa chitsime.

"Achimwene, magazini yokusakasaka yokha ngati wogulitsa nsomba ya dzulo, imeneyo ndi magazini?" anatero a Nirmalendu. Anamukumbutsanso za chilolezo chimene ankati asaine, kuti chimalola aliyense kukopera, kumasulira ndi kugawa, bola atchule wolemba, ndipo ukapereka subweza.

"Awerenge ndani? Asodzi a kwathu aja?" anaseka Tofazzal, nasaina.

Anakwezedwa. Anagawa maswiti pakoleji ponse. Kumudzi sitinalaweko.

Koma zinawerengedwa. A bungwe lina lothandiza m'midzi anapeza kafukufukuyo, nam'masulira m'chilankhulo chathu, n'kukawerenga pamsika dzina lake likumveka. Mwana wa mudzi wayeza yekha, tikaikirenji? Anthu anasonkherana utoto wobiriwira. Woyamba kupaka anali mayi ake omubereka, a Jobeda, ndipo kumjigo wa kusukulu kuja sanapitenso.

Patapita zaka Tofazzal anabwera kudzadya chikondwerero cha Idi. Amayi ake akumupatsira mpunga, iye anaona m'zikhatho mwawo timadontho takuda, tolimba ngati njerewere. Anayang'ana manja a oyandikana nawo. Chimodzimodzi.

Anaimbira Pulofesa Kibria kuti achotse kafukufukuyo. Foni inayankhidwa, koma kunalibe mawu, madzi okha akudontha. Anapita ku Dhaka kumene ankati kuli ofesi. Anapeza kachipinda pamwamba pa shopu ya telala, chitseko chili pululu, mkati fumbi. Telalayo anati chibwerere iye simunakhalepo munthu. Atafunsafunsa anamva kuti pulofesa wa dzina limenelo anamwalira magaziniyo isanayambe n'komwe. Magazini nayo inali itazimiririka pa intaneti, koma kafukufuku wake anali atakoperedwa malo osawerengeka. A Nirmalendu anati njira yatsala imodzi, kupita kumudzi kukaulula ndi pakamwa pake, ntchito ithe ngati ikutha.

Anapita Lachisanu masana. Amuna atatuluka mumzikiti anadzaza pabwalo la amayi ake, azimayi ali kuseri kwa mpanda. Tofazzal anayamba kuzungulira nkhani, ati mwina ndi bwino kubwerera kumjigo wa kusukulu, poti masiku ano nyengo yasintha. Mayi Jobeda anadzuka movutikira, napukusa mjigo ndi manja awo amabalawo, nadzaza tambula.

"Bambo, anthuwa akuti manja angawa aonongeka ndi madzi," anatero. "Ine ndawauza kuti mwana wanga sanganamize mayi ake. Imwa aone."

Tofazzal anayang'ana anthu, anayang'ana amayi ake. Anamwa yonse. Anthu anawomba m'manja, ndipo mawa lake anabwerera kutauni.

Mayi Jobeda tinawaika m'manda mpunga usanakololedwe. Ena anatsatira, mmodzi mwa iwo mkazi wanga. A boma atabwera kudzayeza anapaka utoto wofiira khomo ndi khomo, ndipo a Nirmalendu atapuma pantchito anafotokoza zonse. Palibe anamangidwa. Ophunzira samangana.

Tofazzal akuphunzitsabe. Koma ngakhale kutenthe bwanji manja sachotsa m'matumba, ndipo akazi ake akuti akatsegula mpopi m'nyumba mumamveka kulira kwa mjigo. Madokotala akuti tambula imodzi singadwalitse munthu. Iwo anapita kusukulu. Ine ndinangoona zikhatho zake tsiku la maliro a amayi ake.

Phunziro: Kutsegulira aliyense nzeru ndi chinthu chabwino, koma bodza ukaliika poyera silisankha khomo, limakafika ndi kwa amako omwe. Osakhulupirira magazini yosafunsa mafunso. Tumizirani ena uthengawu, makamaka ana anu ophunzirawo amene akuyesa kuti ife sitiwerenga.