Mkono wa Mutu wa Banja

Chibwerereni lamulo latsopano, wailesi yochenjeza za kusefukira kwa madzi imatchajika ndi mkono wa mutu wa banja basi. Wina akapukusa chogwirira chake, imangoti zii. A Nyadani anachita kulimbirana udindowo mpaka kudinda chala, osafunsa kuti ntchito yake ndi yotani.

Dzinja lisanafike pakati, phewa linatupa.

"Amake Tiyese, paja mumanena kuti nyumba ino mumayendetsa ndinu?"

"Ine? Ndinangobwera kudzakwatiwa, bambo. Pukusani, mtsinje sudikira."

Anapukusa uku akudzuma, mpaka wailesi inatsokomola: "Madzi adutsa pamlatho, thawirani kumtunda. Mutu wa banja atuluke pomaliza, atanyamula ziweto."

Amake Tiyese anamangitsa chitenje, nkuuyamba ulendo.

"Mbuzi zilipo zinayi, abwana. Ya bere ija muibereke."