Oumba Awiri, Dongo Limodzi

"Mukanawauza makina oweruzawo kuti ine ndimaumba mitsuko, inu miphika."

"Ndinawauza, mwanawe," anayankha Nachisale, uku akumanga zovala za mwana wake Ndaziona m'chitenje. "Akuti dongo ndi limodzi."

Lamulo linkati zamoyo ziwiri zodyera pamodzi sizingakhale mudzi umodzi, chifukwa chimodzi chimatha ndithu. Linayambira pa mbuzi ndi nkhosa, kenako linafika pa anthu. Oumba akakhala awiri, wamng'ono ndiye ankasamuka.

Chaka chonse awiriwa anayesa kusiyana ngati mpheta ndi gogomole, wina kutola pansi, wina kugogoda mtengo. Mayi ankakumba dongo m'mawa, mwana madzulo. Mayi ankagulitsa kumsika, mwana pamsewu. Koma makina oweruza ataona mbiya zawo, analephera kuzisiyanitsa. Kupinda kwa mlomo ndi kachidindo ka chala pakhosi zinali za dzanja limodzi. Kukanakhala kale, Nachisale akanayenda mudzi wonse akudzitama nazo.

Tsopano mayiyo anatenga mwala wake wosalazira mbiya nauponya m'katundumo. Ndaziona anautulutsa nauika pansi mosamala.

"Amayi, lamuloli munkalidziwa. Nanga munandiphunzitsiranji?"