Nati ya Njinga pa Yoyo ya Érica

Panali bambo wina wokonza njinga ku Mualadzi, dzina lawo a Sebastião. Nkhaniyi akuti inachitikadi.

Nkhondo itatha iwo anabwerera kwawo kuchokera ku Zambia komwe anathawira, koma akazi awo anakana kubwerera. Mayiwo anatsala komweko ndi kamwana kawo kakakazi, Érica. Patapita zaka zambiri mayiwo anamwalira, ndipo achibale anamuperekeza Érica mpaka pamalire a Cassacatiza. Bambo ake anakamutenga ali kale mtsikana wamkulu.

Pakhomo ankasowa chokambirana. Érica ankangokhala kuseri kwa nyumba n'kumasewera ndi yoyo yomwe anabwera nayo, chidole chozungulira chomwe chimatsika n'kukwera pachingwe. Yoyo yakeyo chingwe sichimangidwa kuchala. Kumapeto kwake kuli kampira, ndipo wosewera amakaponya m'mwamba n'kukawakha yoyo ikuzungulirabe.

Tsiku lina a Sebastião analimba mtima. "Mwanangu, undiphunzitseko."

Érica anawayang'ana modabwa, kenako anaseka. "Chabwino ababa, koma mumvere. Poyamba kampiraka musakataye. Kagwireni m'dzanja, muphunzire kuponya yoyo mpaka iziwongoka. Muzisewera pabwalo, kutali ndi anthu. Ndipo kampiraka n'kofewa dala, chifukwa wophunzira aliyense kamamumenya."

Anayamba kuphunzira masana aliwonse, ndipo kwa nthawi yoyamba pakhomopo panamveka kuseka. Koma bambowo ankaona kuti zikuchedwa. Ankafuna mwana wawo awaone kuti ndi katswiri. Érica atapita kumjigo, iwo anamasula kampira kaja n'kumangapo nati ya njinga, poganiza kuti cholemera ndicho chizizungulira bwino.

Atangomuona akubwera ndi ndowa pamutu anafuula, "Érica, bwera uone!"

Anaponya yoyo, n'kutaya nati ija m'mwamba. Dzanja linaphonya. Chingwe chinakoka, natiyo inazungulira mwamphamvu n'kukamumenya mwanayo pamwamba pa diso. Ndowa inagwa, magazi anadzaza kumaso.

A Sebastião anavula malaya, anamumanga pamutu, anamukweza panjinga n'kupalasa mpaka kuchipatala akulira ngati mwana. Namwino atamusoka anati, "Chikanatsika pang'ono chabe, diso likanapita."

Kuchokera tsiku limenelo bambowo anasiyiratu kusewera. Yoyo anaitsekera m'bokosi la zitsulo, ndipo ankalephera kumuyang'ana mwana wawo kumaso. Pakhomo panakhalanso zii.

Bala litapola, Érica anatsegula bokosilo yekha. Anadula nati ija, anamangaponso kampira, n'kupita pomwe bambo ake ankamata tayala.

"Ababa, gwirani."

"Iyayi mwanangu. Ndinatsala pang'ono kukuchotsa diso."

"Diso lilipo, ndikukuonani nalo. Chomwe chikundiwawa ine si chipserachi. Ndinasiya anzanga onse ku Zambia, amayi ndinawaika m'manda. Inu mukasiyanso, ndizisewera ndi ndani?"

A Sebastião anapukuta manja pathalauza n'kulandira yoyo ija. Anafunsa motsitsa mawu, "Ndiyambire pati?"

"Poyambirira penipeni," anatero Érica. "Ndipo ine ndiima patali."

Onse awiri anaseka, bambowo misozi ili m'maso.

Phunziro: Ukamaphunzira chinthu chatsopano, ngakhale masewera, mvera amene akuchidziwa, olo akhale mwana wako. Yamba pang'onopang'ono, usasinthe zomwe sunazimvetse, chifukwa changu chofuna kudzionetsa chimapweteka amene waima nawe pafupi. Ndipo ukalakwa usamuthawe amene wamulakwira. Tumizani nkhaniyi kwa makolo anzanu, mwina ipulumutsa diso la mwana wina.