Nambala Yomwe Inapha Nkhosa za a Larrosa

Panali munthu wina mumzinda wa Montevideo, dzina lake Heber Larrosa. Nkhaniyi inachokera kwa amene ankagwira naye ntchito, ndiye musati ndi yopeka.

Heber anali m'kagulu kosamalira chilankhulo china cholembera mapulogalamu a kompyuta. Nambala ya kadontho, monga 0.5, kompyuta imaisunga mwa njira yakeyake, ndipo kuti ituluke yolembedwa pamafunika kachida koisandutsa. Kachidako kamabwera limodzi ndi chilankhulocho, anthu amangokagwiritsa ntchito osakaganizira n'komwe. Heber ndiye ankakasamalira, ndipo kankamuchititsa manyazi chifukwa kanali kochedwa. Mutu anali nawo mnyamatayu, koma ankakonda kutamidwa kuposa chakudya.

Tsiku lina munthu wina wa pa intaneti, wopanda nkhope, wopanda dzina lenileni, anamutumizira kachida katsopano. Heber atakayesa, kanathamanga ngati kalumidwa ndi mavu. 

Koma kagulu kaja kanali ndi lamulo: palibe cholowa m'chilankhulo mpaka munthu wachiwiri achiwerenge ndi kuchivomereza. Wachiwiri wa Heber anali a Nibia, mayi wachikulire wosachedwa kukana.

"A Nibia, taonani liwiro lake. Kathu kaja kakuyenda ngati ngolo."

"Ndaona. Nanga 0.00003 kakuilemba bwanji?"

"3e-05. Ndi yomweyo, yangofupikitsidwa. Chilembocho chikungonena kuti kadontho kasunthire kumanzere kasanu."

"Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa. Nanga makina akale? Ambiri akamawerenga nambala, akangokumana ndi chilembo amaima pomwepo. Kwa iwo imeneyo ndi 3."

"Makina a nthawi ya agogo amenewo. Inunso mwayamba kufanana nawo."

"Ndifanane nawo, palibe kanthu. Sindivomereza tisanayese."

Januwale atafika, a Nibia anapita kutchuthi kugombe monga amachitira aliyense, n'kusiya kompyuta yawo yosatseka. Heber anakhala pampando wawo, navomereza ntchito yake m'dzina lawo. Anzake a m'maiko ena anamuyamikira, iye n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako Heber anapita kukacheza kwawo, kumudzi wa ku Tacuarembó. Bambo ake, a Aparicio, anali ndi nkhosa za ubweya wosalala zomwe anayamba kuzisankha mtundu asanakwatire. Moyo wawo wonse unali pa nkhosazo. M'shedi munali makina akale osakaniza mchere wa nkhosa ndi seleniyamu, mankhwala omwe akachepa nkhosa imafooka, akachuluka imafa. Pulogalamu youza makinawo mlingo analemba ndi Heber yemweyo ali pasukulu.

"Bambo, ndikuikireni yatsopano. Muli ntchito ya manja anga."

"Ikugwira ntchito iyi, mwanawe. Uisiye."

"Dziko lonse likugwiritsa ntchito, inu mukane za mwana wanu?"

A Aparicio anaseka, nalola. Madzulo ake, atakhala pakhonde ndi antchito kumwa chakumwa chowawa cha kumeneko chotchedwa mate, chomwe onse amamwera m'chikho chimodzi, mkuluyo anathira madzi otentha napatsira Heber poyamba. "Mumudziwe uyu," anauza antchito. "Nambala zonse za m'kompyuta zimadutsa m'manja mwake."

M'mawa makina anasakaniza mchere. Pulogalamu inatumiza mlingo wa seleniyamu wa 0.00003, wolembedwa kuti 3e-05. Makina anawerenga 3, anakumana ndi chilembo, nasiya kuwerenga. Pofuna kukwanitsa mlingo umenewo anakhuthulira seleniyamu yense mumcheremo, ndipo antchito anakauthira m'modyera osadziwa kanthu.

Dzuwa lisanapendeke nkhosa zinayamba kudzandira. Zina zinkatulutsa thovu, zina zinkagunda mpanda ngati zakhungu. Dokotala wa ziweto pofika anangovula chipewa. Heber anathamangira kushedi, nayang'ana pagalasi la makina. Panali 3, yekhayekha. Mawu a a Nibia anamubwerera onse.

Nkhosazo zinafa, ndipo nyama yake sikanadyeka. Antchito anamanga agalu kuti asayandikire, nakumba dzenje ndi thirakitala. A Aparicio ankakoka okha nkhosa zawo miyendo, kuphatikizapo mphongo yomwe ankaitchula dzina ngati munthu. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Dzenje litakwiriridwa anangofunsa:

"Unayamba wayesa?"

"Ayi, bambo."

"Panalibe wokuchenjeza?"

"Analipo."

Mkuluyo anagwedeza mutu nalowa m'nyumba.

Heber analembera munthu wa pa intaneti uja, koma sanayankhidwe mpaka lero. Kagulu kaja kanayamba kudzudzula a Nibia poti dzina lawo ndilo linavomereza, mpaka zoona zinadziwika, Heber n'kuchotsedwa. Zimenezo sizinamupweteke kwenikweni. Chomwe chinamudya ndi cha pakhonde paja.

Madzulo a tsiku lokwirira nkhosa, a Aparicio anathira madzi m'chikho, napatsira wantchito wa kumanja kwa Heber. Chitabwerera anathiranso, napatsira wa kumanzere kwake. Heber anali atatambasula kale dzanja. Analibweza pang'onopang'ono, antchito n'kumayang'ana pansi.

Anapitiriza kubwera kumudziko chaka ndi chaka. Bambo ake ankamulonjera, ankamufunsa za ulendo, bedi ankamuyalira. Koma chikho chinkamudumpha nthawi zonse. A Aparicio anamwalira chaka chatha, ndipo Heber ndiye anatenga chikhocho. Akuti chili pashelefu kwake, sanamweremo.

Phunziro: Iwe wolemba mapulogalamu, nambala yomwe wailemba pali wina amene adzaiwerenge, ndipo mwina sawerenga monga iwe. Mnzako akati tiyambe tayesa, yesani, ndipo usavomereze ntchito yako m'dzina la wina. Tumizira uthengawu aliyense amene amati kanthu kakang'ono sikapha.