Mango Aawisi a Masana

"Nthochizi zafewa kwambiri, amake Praise. Tengani papaya," anatero Fagness akupukuta mpeni pachitenje.

Edith anali atangotsika minibasi pa Golomoti, mapazi atatupa m'nsapato za kuofesi. Iye anali kalaliki ku bungwe la alimi a mpunga ku Bwanje. Ankachoka pakhomo kukadali mbuu, n'kubwera nkhuku zitalowa kale. Nthawi imeneyo ogulitsa zipatso amakhala atasenza madengu awo, kupatula Fagness, amene benchi lake linali pamphambano ya kanjira kopita kunyumba kwa Edith. Munthu wa kuofesi amadya zimene anzake asankha n'kusiya.

"Mango mulibe?"

"Akupsa atha. Aawisi aja atenga abambo akwanu masana, ngati masiku onse. Ndi bwemba yemwe."

Fagness analuma mlomo, koma mawu anali atatuluka kale.

Tomasi, mwamuna wa Edith, anali telala wosokera pakhonde. Chowawasa sankachifuna n'pang'ono pomwe, ndimu ankangoiona n'kutsinzina. Ndiponso Edith anali asanaonepo khoko la mango m'nyumba mwake, kapena kudzala.

"Akugulira ndani?"

"Ine ndimagulitsa, mayi. Sindiperekeza zipatso kumene zikupita."

"Fagness, tinkatunga madzi pamjigo umodzi ife."

"N'chifukwa chake ndikukupemphani, musandifunse. Mimba yoyamba siitchulidwa pamsewu. Amayamba ndi anamkungwi kulankhula, ife apabenchi timatsatira. Ndikaitchula ine, mawa n'kuchoka, mlandu udzagwera pabenchi pano."

Edith anangotembenuka kuyang'ana tsidya lina la msewu, pasaluni ya Yvonne. Mtsikanayo anabwera chaka chatha kuchokera ku Mtakataka, wopanda mwamuna wodziwika, koma masiku ano chitenje ankachimangira pachifuwa. Ndipo makatani a saluniyo anasoka ndani? Tomasi. Anachita kukayeza mawindo kawiri, ngati mawindo amakula.

Zinthu zinayamba kulumikizana zokha. Tomasi anali atasiya kumuyang'ana m'maso. Akamufunsa za tsiku lake ankayankha ndi mphuno, mutu uli pamakina. Lamulungu lapitalo anakana kupita ku Misa, ati mutu. Zaka zonsezi Edith akupsa ndi dzuwa pasiteji, akukanganirana mpando ndi madengu a usipa, kuti mwana wawo mmodzi yekhayo, Praise, amalize sekondale, kumbuyo kuno bambo akuweta mimba ya eni ndi mango!

M'mawa mwake anavala monga mwa nthawi zonse. Anatuluka limodzi ndi Praise, mtsikana ali mu yunifolomu ndi juzi yake ngakhale kunja kunali kotentha, n'kusiyana pamsewu. Edith anakwera minibasi anthu akuona. Anakatsikira patsogolo, nakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa litakwera, kenako anabwerera pakabaza kudzera njira ya kuminda. Anabisala kuseri kwa chigayo, pamene ankatha kuona benchi la Fagness bwinobwino.

Apo m'pamene anaona Golomoti amene sankamudziwa, wa masana. Amayi a m'makomo akusankha mapapaya mosafulumira, kufinya apa, kununkhiza apo, kukangana za banyira. Anthu onsewa ankadziwa. Ankamupatsa moni madzulo aliwonse, "Mwaswera bwanji, abwana?", kwinaku akudziwa.

Dzuwa lili paliwombo, Tomasi anatulukira, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanachite kusankha. Fagness anangovundukula kadengu kamene anaika padera, n'kumuthirira mango obiriwira m'jumbo. Anamunong'oneza kanthu, Tomasi n'kugwira mutu.

Edith anadikira kuti Tomasi awoloke msewu kupita kusaluni. Sanawoloke. Analowa kanjira ka kunyumba.

Edith anayang'ana kusaluni. Chitseko chinali chokhoma ndi loko.

M'nyumba mwanga. Pamphasa panga.

Zimene zinachitika kenako Edith sanazikonze. Anangozindikira akudutsa pabenchi, mpeni wosendera zipatso uli m'manja mwake, mapapaya akugubuduka m'fumbi.

"Amake Praise! Imani ndikuuzeni! Mayo ine, mugwireni!" anafuula Fagness.

Panalibe womugwira. Amayi aja anangoti kakasi, manja pakamwa. Nsapato imodzi inavuka panjira, iye osaitola.

Pakhonde makina anali okha, diresi la munthu lili lendee pasingano. Edith anakankha chitseko ndi phewa. Tomasi anali atagwada pabalaza, akuduladula mango m'mbale, pambali pali kamulu ka mchere ndi tsabola. Ataona mkazi wake, mbale inamupulumuka.

"Edith, dikira. Ndimafuna ndikuuze, koma ndimasowa poyambira."

Pamphasa panagona munthu atayang'ana kukhoma, atafunda chitenje mpaka kumutu. Chitenje cha Edith, cha bungwe la amayi kutchalitchi.

"Dzuka, hule iwe! Dzuka undione!"

Tomasi anamugwira mwendo, iye anamuponda pachifuwa. Anakweza mpeni, n'kukoka chitenjecho ndi dzanja linalo.

Pansi pake panali yunifolomu, siketi yomasula zipi chifukwa inali itasiya kukwana.

"Kusukulu anamubweza mwezi watha," anatero Tomasi ali pansi. "Amakuperekeza pamsewu, ukakwera iye amabwerera."

Praise anaphimba mimba ndi manja onse awiri, maso ali pampeni.

"Amayi," anatero.