Chitsulo Cholemera

"Ikani pasikelo," anatero mayiyo, akutula bokosi la zimbale za mwamuna wake kwa wogula zitsulo zakutha. "Bambo akunyumba amati nyimbozi ndi za chitsulo cholemera, ati 'heavy metal' pachingerezi. Zandigonthetsa m'khutu, zichoke!"

Wogulayo anaseka chikhakhali, koma atavundukula bokosilo anatong'ola maso.

"Zimbale zonse khumi za gulu loimba limeneli? Mayi, izi sikelo singazithe. Tchulani mtengo."

Mayiyo anabwerera akuvinavina, osakumbukira kuti shedi ya zitsuloyo inagundana ndi mpanda wake.

M'mawa mwake magitala anabangula pachimkuzamawu, mawindo n'kumanjenjemera. Atasuzumira kuseri kwa mpanda, mayiyo anaona mwamuna wake ali kushedi komweko, akugwedeza dazi.

"Mayi a ana, tabwerani mudzamve!" anakuwa bamboyo. "Achimwenewatu ali ndi zimbale zofanana ndi zanga!"