Pemphero la Kochi Hoskins

Dzuwa linali litapendeka, mphepo yozizira ikuwomba, pamene Kochi Hoskins anaona kuti anyamata ake otchinga atheratu mphamvu. Timu yomwe ankalimbana nayo, ya koleji ya Red Hollow, inkamwazikana bwalo lonse n'kumaponyerana mpira mosalekeza, osapatsa munthu mpata wopuma. Chikho chinali chikupulumuka m'manja.

Hoskins anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Kendrell, mmodzi wa otchingawo, ankachidziwa chizindikirocho. Anadzigwetsa pansi atagwira bondo, ndipo woyimbira anaimitsa masewero.

Hoskins anathamangira komweko n'kugwada, mutu uli chozolika.

"Ndidzuke, Kochi?" ananong'ona Kendrell.

"Gona iwe! Buula pang'ono anzako akoke mpweya. Kunamizira kokha kukukanika?"

Otchinga atapuma anasanduka khoma, ndipo timu ya Hoskins inatenga chikho.

Hoskins ali mkati molongedza zisoti zimene osewera amavala poteteza mitu, kunatulukira mayi Odessa, amake a Kendrell, akutsimphina. Anali atagwa pa masitepe pothamangira mwana wawo.

"Kochi, mtima wanga unaima," anatero. "Bondo lomwelija ndi limene anam'chita opaleshoni chaka chatha. Koma nditakuonani mutagwada mukumupempherera, ndinadziwa kuti adzuka basi. Lamulungu mubwere kutchalitchi kwathu, mudzachitire umboni mpingo wonse umve."

Hoskins anayang'ana mwendo wotupa wa mayiwo n'kutsegula pakamwa. Kendrell, ataima kumbuyo kwa amake, anapukusa mutu mochonderera.

"Ndibwera, mayi," anatero Hoskins, n'kuwerama kutola chisoti china.